Fuwa loyera la alamu anga

Ndisanathe zaka ziwiri chikwatiwire ku Nazombe, fuwa langa limodzi linang'ambika pakati. Mwamuna wanga anali ku Mozambiki pa ganyu, ndipo ine sindinkadziwa kotola miyala. Alamu anga, achemwali ake aakulu a mwamuna wangayo, ndi amene anandibweretsera lina. Unali mwala woyera, wonyezimira ngati mchere wamibulu.

"Landirani, adona," anatero. "Okongola amaphikira pa zokongola."

Ndinathokoza nditagwada, koma mtima sunakhazikike. Chibwerere changa, mayi amenewa anali asanandipatseko ngakhale tsabola.

Patapita milungu, mwalawo unayamba kusintha mbali yoyang'ana moto. Kunyezimira kunatha, ndipo ndikakanda ndi chikhadabo unkayoyoka ngati ufa. Mbali yakunja inali yolimbabe. Mafuwa akuda awiri aja anali chikhalire, pomwe moto wake unali umodzi.

Mmawa wina, phulusa litazizira kale, ndinataya madzi mwangozi pamwalapo. Unalira tsiii, n'kufufuma, n'kutulutsa nthunzi. Nditaugwira unali wotentha, ndipo chala chinayamba kunyereza. Mwana wanga anali akukwawa nthawi imeneyo, chilichonse akupititsa kukamwa. Ndinamunyamula msanga. Mwala wotani umene umapsa ndi madzi?

Ndinaukwirira kuseri kwa chimbudzi osauza munthu. Mkamwini angadandaule, koma mtengwa wa dzulodzulo akatchula mankhwala, mawa lake amapezeka ali pa njinga ndi chikwama chake.

Komabe ndinkafuna kudziwa. Tsiku lina potola nkhuni ndinapeza miyala yonga womwewo m'mbali mwa phiri, yambirimbiri, yosakhudzidwa ndi munthu. Ndinabisa iwiri m'chitenje. Umodzi ndinauika pakati pa makala, wina kumphepete. Wapakatiwo sunachedwe kutuwa. Wakumphepete unangoda ndi mwaye, ngakhale unakhalitsa. Nditaswa wotuwawo, ndinaona kuti wafewa kunja kokha, pakati pali mwala weniweni, ngati mbatata yosapsetsa. Nditathira madzi, nawonso unalira.

Choncho panalibe mankhwala. Mwalawo ndi mmene unabadwira: moto umaudya pang'onopang'ono kuchokera kunja, ndipo ukakula motowo umaudya msanga. Ndikanayenera kusangalala. Koma alamu anakulira pansi pa phiri lomwelo, ndipo mafuwa a kukhitchini kwawo onse ndi akuda.

Atabwera kudzapala moto anaona pamalo pa fuwa lija pali njerwa.

"Mphatso yanga mwaigulitsa ku msika wa ku Chiringa?"

"Inayoyoka, alamu," ndinayankha ndikuyang'ana pansi. "Inandiwotcha chala. Mwina inu mumaidziwa miyala imeneyi?"

Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Iii, mlamu! Kwanu simukudziwa njereza? Mukanapaka khoma, nyumba ikanawala!"

"Nanga mwana akanadya?"

"Wadya?"

"Ayi."

"Ndiye mukulira maliro a ndani?"

Anatenga khala lawo n'kumapita. Mpaka lero sindidziwa ngati anaiwala, ngati ankandiyesa, kapena ngati ankadikira kumva kulira kunyumba kwanga. Sabata yotsatira ananena kuti ndiwasiyire mwana popita kuchigayo, poti dzuwa linali loswa mtengo. Ndinati zikomo, mwanayu sanazolowere anthu. Ndinamubereka, thumba la chimanga pamutu, ndipo tinapita tonse.