Phiri lomwe ndinapaka pa tsamba la m'kope langa

Chaka chomwe ndinali Fomu 2 kunabwera amadamu ena odzatiphunzitsa kujambula Lachitatu lililonse masana. Iwowo ankajambula ndi penti wamadzi, n'kumamata pazithunzi zawo tizidutswa ta zitenje, masamba a tiyi ouma ndi nyuzi zakale. Ankati zithunzi zawo zinakaonetsedwapo ku Blantyre. Tinkawakhulupirira, chifukwa ankavala magalasi.

Mapepala oyera anali ochepa. Anatiuza kuti aliyense abwere ndi pepala lakale, alimate pa katoni, apake penti pamwamba. Anzanga anabweretsa mapepala a mayeso omwe analephera. Ine ndinang'amba tsamba m'kope lomwe ndimalembamo zakumtima, tsamba lomwe ndinkafuna litasowa. Ndinali nditalembapo ndi bolopeni kuti ndimachita manyazi amayi akabwera kusukulu, chifukwa zala zawo n'zakuda ndiponso zong'aluka ndi tiyi yemwe amathyola kuesiteti. Ndinaganiza kuti ndikapakapo phiri la Mulanje mawuwo akwiririka. Pajatu phirilo ndi lalikulu.

Amadamu anatiuza kangapo kuti penti wamadzi sabisa kanthu. Mawu amenewa ndinawalemba m'kope mosamala, n'kuwatseka mzere kunsi.

Penti ali wonyowa, zilembo sizinkaoneka. Phiri ndinalipaka labuluu, minda ya m'munsi ndinaipaka ndi tiyi wozizira yemwe amadamu ankabwera naye m'botolo. Ndinapereka chithunzi chisanaume, ndinapita kunyumba mtima uli m'malo.

Kumapeto kwa temu kunali chionetsero m'holo, makolo anaitanidwa. Zithunzi anazipachika pachingwe ndi mapegi ngati zochapa. Changa chinali chachitatu kuchokera pakhomo. Penti anali atauma n'kumbuwa, ndipo mawu anga onse ankawerengeka pakati pa phiri. Ndimalemba mooneka bwino. Aphunzitsi onse amandiyamikira pa chimenechi.

Ndisanaganize chochita, amayi analowa atavala chitenje chawo chakutchalitchi. Sukulu anailekeza Sitandade 4, choncho amawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Ndinaima kumbuyo kwawo n'kumaona milomoyo ikuyenda mpaka pamzere womaliza. Atatha, analowetsa manja onse awiri m'chitenje.

Amadamu anabwera kudzawalonjera, natambasula dzanja. Amayi anangonyonyomala pang'ono, manja ali momwemo. Amadamu anayamikira mtundu wa minda, anayang'ananso chithunzicho, anavula magalasi, kenako anati akuitanidwa kwina. Amayi anati phirilo ndi lomwelo ndithu, amaliona tsiku lililonse.

Pobwerera tinadutsa njira ya m'minda ya tiyi. Atsikana anayi a m'kalasi mwathu ankabwera pambuyo pathu, akudya nzimbe. Tikuyandikira mlatho, amayi anayankhula maso ali kutsogolo.

"Ukanandiuza, mwanawe. Bwenzi ndikumakudikira pageti."

Ndinafuna kuwauza kuti tsambalo ndinalilemba kalekale, koma tsiku lomwe ndinalilemba linali pamwamba pake, ndipo nalonso analiwerenga. Ndiye ndinangopisa dzanja m'chitenje chawo, n'kutulutsa dzanja lawo lamanja. Linali lokhakhala ngati khungwa. Ndinaligwira poyera, atsikana aja akuona, ndipo mmodzi anasiya kutafuna.

Tinayenda choncho kuwoloka mlatho, kudutsa pampopi, mpaka kunyumba za esiteti. Titafika pakhomo amayi anati dzanja langa lachita thukuta, ndikasambe. Koma dzanja langalo sanalisiye; anayamba atsegula chitseko ndi dzanja lamanzere, lomwe silinazolowere loko, ndipo zinawatengera nthawi.