Mayi Aang'ono ndi Matambula a Mwendo Umodzi

Mukawaona mayi aang'ono lero ataima pakauntala, kansalu koyera kali paphewa, simungakhulupirire kuti kwa zaka zambirimbiri makasitomala a bala imeneyo ankangowadziwa msana. Eee, msana! Ntchito yawo inali kuseri, m'kachipinda kopanda zenera, momwe muli sinki, ndowa ndi mpope wodontha. Chitseko chake sichitsekeka bwino, ndiye munthu akakhala pampando wapakona ankangoona mpango wakumutu ndi zigongono zikugwedera.

Iwowa ndi mng'ono wawo wa amayi anga, ndipo ndakhala nawo chilembereni mayeso omaliza. Anzanga akudikira zotsatira ali gone pamkeka. Ine kukhala pansi kumandiyabwa, ndiye ndati ndilembe za iwowa, anthu awadziwe. Akandidziwiranso ine pomwepo, palibe cholakwika.

Mayi aang'ono samwa mowa. Sanalawepo ngakhale dontho. Koma tambula iliyonse ikabwerera kusinki ankayamba ainunkhiza, n'kuikweza pagetsi, kenako n'kuiviika. Ankadziwa ya munthu wopaka milomo, ya woluma m'mphepete, ya wothimitsiramo ndudu. Vuto linabwera ndi manja. Sopo anawang'amba zala mpaka ming'alu ikuchucha magazi. Anayesa magulovu, zinangoipiraipira. Kuchipatala anawauza mosapsatira kuti asiye kuviika manja m'madzi a sopo. Ndiye panatsala ziwiri basi: kusamukira kukauntala, kapena kusiya ntchito yomwe imatidyetsa tonse awiri.

Atakawauza bwana, mwini bala, anakanda m'mutu.

"Mayi, kauntala si sinki. Inu mowa simuudziwa n'komwe."

"Wakumwa sindiudziwa, bwana, koma wotsala ndimaudziwa. Jini wanu amene mumadandaula kuti sayenda, wotaya wake ndine."

Anawafotokozera. Jini ndi toniki ankathiridwa m'timatambula tatifupi, tokhuthala, tolowa timiyala tochepa ta ayisi. Munthu akakafumbata m'dzanja, ayisi yense wasungunuka nkhani isanafike pakati. Theka linkabwerera kusinki lili lofunda ngati madzi osambitsira mwana. Bwana anamvetsera, n'kunena kuti chabwino, akasankhe matambula amene akuwafunawo, ndipo Loweruka masana jini akhala wawo. Matambula akabwerera opanda kanthu, akambirana.

Anandiuza zimenezi tikuyanika zovala, ndipo ine ndinalumpha mpaka kugwetsa mtengo wa chingwe.

Kusitolo ya ziwiya tinapita limodzi. Ine ndinali nditakonzeka kale ndi chithunzi pafoni: tambula ija yooneka ngati ambulera yozondoka, imene akazi olemera a m'mafilimu amagwira ndi zala ziwiri.

"Iyi, mayi! Bala yonse ikhala chete!"

"Nanga toniki alowa pati, mwanawe? Imeneyo ndi ya kachakumwa kochepa kopanda ayisi. Munthu akangoseka, theka lili pamalaya."

Anatenga ina yaitali, yowongoka ngati paipi. Anati iyi ndi yabwino, imasunga thovu la toniki, ndipo anapatula angapo. Koma anaiyang'ananso n'kupukusa mutu.

"A Telala sangamwere umu."

A Telala ndi bambo wina wosoka masuti pafupi ndi balayo, ndipo ndi okhawo amene sanamutaye jini zaka zonsezi. Mulungu anawapatsa mphuno mosaumira. Mayi aang'ono anati tambula yawo ankaizindikira ndi kachidindo ka mafuta kunja, m'mphepete, pomwe mphuno imagunda ikasowa polowa.

Kenako anayamba kulowetsa mphuno yawo m'matambula, imodziimodzi, shelefu yonse. Mtsikana wogulitsa anasiya kudya chingamu n'kumatiyang'ana. Ine manyazi anandigwira, komanso ndinkafuna aliyense aone kuti ndili nawo. Pamapeto pake anapeza: tambula yaikulu, mimba ngati mpira, kukamwa kotakasuka, yoima pamwendo umodzi woonda. Anaigogoda ndi chikhadabo, inalira ngwiii, nthawi yaitali.

"Mimba ndi ya ayisi, kukamwa ndi kwa mphuno, mwendo ndi wa dzanja," anatero. "Dzanja lisafike pachakumwa."

Loweruka ndinawanyamulira katoni ya matambula pamiyendo m'basi ngati ndanyamula mazira. Mkati mwa bala sanandilole, akuti ndikadali mwana, ndiye ndinaima m'kachipinda ka sinki muja n'kumasuzumira pachitseko. Ndinawaonanso msana, koma ulendo uno nkhope yawo inali kwa anthu.

Wogulitsa mowa pakauntalapo anali mnyamata wina amene onse amamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake palibe batani lozimitsira. Atangoona matambula aja anagwira m'chiuno.

"Mayi, mwabweretsa mabeseni? Nsomba zake mwasiya kuti?"

"Pukuta kauntala, iwe. Malovu ako agwerapo."

A Telala analowa dzuwa likadali pamutu, tepi yoyezera ili m'khosi. Anadabwa kuwaona mayi aang'ono kutsogolo, n'kuwapatsa moni ngati mlendo. Mayi aang'ono anatulutsa chitambula chimodzi cha mimba. Anayeza toti wa jini, n'kumuthira m'chitambula chopanda kanthu, pamaso pa mwiniwake. Mayo ine! Jini uja anangoti nyaa pansi penipeni, ngati misozi ya mwana wonamizira kulira.

"Aaa, iyayi!" A Telala anamenya kauntala. "Ine ndimayeza nsalu tsiku ndi tsiku, maso anga sanama. Kameneka ndi theka! Bwana, mwayamba kutibera masanasana?"

Anthu anatembenuka. Wailesi anabisa nkhope m'kansalu, mapewa akugwedezeka. Bwana anatuluka mu ofesi n'kupinda manja pachifuwa. Ndinkaganiza za manja aja akubwerera m'sopo, kapena akungokhala pakhomo opanda chogwira.

Mayi aang'ono anatembenuka, n'kubwera molunjika kwa ine. Ndinkayesa akuthawa. Anangondikankhira pambali, n'kutenga katambula kamodzi kakale pashelefu, n'kubwerera.

"Bambo, iyi mukuidziwa?"

"Yangatu imeneyo."

"Nanga kamzere aka, kokandika m'mbali?"

"Ndi pomwe toti wanga amalekezera."

Anakhuthulira jini uja m'katambulako pang'onopang'ono. Bala yonse inasuzumira, mpaka bwana anatalikitsa khosi. Jini anakwera, anakwera, n'kuima ndendende pakamzere. A Telala anachotsa magalasi, n'kuvalanso.

"Ndalakwa ndine, bambo," anatero mayi aang'ono. "Mimba yaikulu imanyoza chakudya chochepa. Ndikanayamba ndi ayisi."

Anadzaza chitambula chija ndi ayisi mpaka pakamwa, n'kubwezeramo jini, n'kutsetsereza toniki m'mbali kuti thovu lisathawe, n'kupotokola khungu la ndimu pamwamba. Chinachita nkhungu kunja konse. Kunena zoona, chinakongola kuposa cha pafoni yanga chija. A Telala anachikumbatira ndi manja awiri ngati mbale.

"Pamwendo, bambo. Gwirani pamwendo."

Anagwira pamwendo, kachala kakang'ono kali m'mwamba. Anapendeka. Mphuno ija inalowa yonse, mwaulemu, osagunda paliponse. Anakhala choncho kanthawi, maso ali tseke, asanamwe n'komwe.

"Kodi kafungo aka kanali kuti masiku onsewa?"

"Kanali momwemo, bambo. Mphuno ndi imene inkatsala panja."

Kuseka kumene kunabuka! A Telala anaseka mpaka tepi inagwa. Amayi awiri amene ankamwa zoziziritsa kukhosi pakona anati nawonso akufuna cha mwendocho. Bambo wina anati iye zamipira ayi, ndipo anamupatsa yaitali ija, nayenso anakhutira. Ine ndinkavina ndekha pakati pa ndowa ndi sinki.

Matambula akubwerera kuseri, woyamba kuwalandira ndinali ine. Ndinkawakweza pagetsi monga ankachitira mayi aang'ono: khungu la ndimu, timiyala ta ayisi tikadali tolimba, chakumwa osatsala ngakhale chonyowetsa lilime. Bwana analowa, anasuzumira m'thireyi, anayang'ana zala za mayi aang'ono zomata mapulasitala.

"Lolemba muyambire kutsogolo. Koma zimimba zimenezi atsuka ndani?"

Ndinakweza dzanja msangamsanga. Mayi aang'ono anandiyang'ana ndi diso limodzi, dzanja linatsika lokha. Bwana anatembenukira kwa Wailesi, n'kunena kuti agwirizire kusinki mpaka apeze munthu. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, wailesi ija inazima.

Pano ming'alu yatseka, ndipo adzigulira mafuta onunkhira opaka m'manja. Mowa sanaulawebe. Dzulo ndinawapititsira chakudya chamasana, ndinawapeza akupotokola ndimu uku akucheza ndi a Telala, koma khutu limodzi lili kuseri. Kunamveka kuti gwe! pasinki. Sanatembenuke n'komwe.

"Wailesi! Imodziimodzi, ndanena! Ukathyola mwendo wina, ndikuthyola wako!"