Dzina la mudzi wathu watsopano

Madzi atatisamutsa ku Makhanga, tidapatsidwa malo kumtunda, pafupi ndi msewu wopita ku Nsanje. Malowo adalibe dzina. Anthu ankangoti kukampu, ndipo mawuwa ankatiwawa poti matenti tidali titachotsa kale, tikugona m'nyumba za njerwa.

Komiti yathu idalengeza mpikisano wa dzina, mphoto yake mbuzi. Wapampando adali mayi wina wogulitsa nsomba zouma, munthu wosakonda kutalikitsa nkhani. Tidasonkhana Loweruka masana pansi pa mtengo wa masawu, ndipo adatiuza kuti wotchula dzina aimirire, ogwirizana naye akafole kumbuyo kwake.

Abusa adayamba ndi Kanani. Mayi wina adafunsa ngati Kanani wa m'Baibulo nayenso adalibe mjigo, abusa n'kukhala pansi. Wakabaza wina adati Tathawa, koma nkhalamba ina idakana m'Chisena kuti "Nkhabe," ife sitidathawe, adachita kutinyamula pa boti.

Kenako adaimirira bambo anga. Adapempha kuti tisunge dzina la mudzi wathu wakale. "Makolo athu agona kumeneko," adatero. "Nyumba zidamira, dzina lisamirenso." Palibe adaseka. Ine ndidakaima kumbuyo kwawo pamodzi ndi anthu angapo achikulire.

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, sadabwere kudzapikisana. Adangolankhula ali chikhalire pa chitenje chawo. "Ine dzina ndilibe. Tsiku lotibweretsa kuno lija ndidafunsa woyendetsa lole kuti mukutipititsa kuti, iye adaimitsa galimoto n'kunena kuti ndi pompano. Ndiye ine ndimadziwa kuti kuno ndi Pompano."

Anthu adaseka mpaka ena kugwira nthiti, ndipo mosauzidwa adayamba kufola kumbuyo kwawo. Mzere udafika pamsewu. Wapampando adayang'ana mizere yonse n'kuuza azakhali kuti akamasule mbuzi yawo.

Pobwerera kunyumba bambo adalankhula kamodzi kokha. "Achemwali, dzina lanuli litivutitsa."

Woyamba kuvutika ndidali ine. Patapita masabata ochepa ndimachokera ku Chikwawa pa minibasi, ndipo titangodutsa Nchalo kondakitala adandifunsa kuti nditsikira pati.

"Pompano," ndidayankha.

Adamenya chitseko, galimoto n'kuima pakati pa minda ya nzimbe. Nditakana kutsika adakwiya, akuti ndikuseweretsa ntchito yake. Ndidafotokoza za mpikisano, za azakhali ndi za mbuzi, anthu onse akumvetsera. Dalaivala adaseka mpaka kutsamira chiwongolero, ndipo titafika kwathu adaliza hutala kuti mudzi wonse udziwe. Masiku ano makondakitala adazolowera. Amangofunsa kuti, "Pompano pano, kapena Pompano wa kutsogolo?"

Bambo sadadandaulenso, koma dzinalo sadalitchulepo ndi pakamwa pawo. Ndidayenda nawo kambirimbiri kupita kuchipatala m'zaka zawo zomaliza. Pobwerera, kondakitala akawafunsa potsikira ankayankha modekha kuti, "Mukawoloka kamlatho, pali nyumba zatsopano kumanja." Makondakitala ankawadziwa, ndipo sankawakakamiza. Tikafika ankawagwira dzanja potsika, n'kuwapatsira ndodo yawo.