Tsiku Limene Ababa Anazungulira Nane Dambo

Ndikukumbukira m'mawa umene ababa anandidzutsa dzuwa lisanakwere, nandiuza kuti ndisambe, ndivale diresi langa lopitira kutchalitchi. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo amayi anali atamwalira chaka chomwecho, anthu atangokolola mapira. Tinkakhala pafupi ndi boma la Nsanje, m'mphepete mwa Shire, moyang'anana ndi mabango a ku Nyachikadza. Ababa anali dalaivala wa lole ya mwini golosale wina, choncho masiku ambiri ankagona kunjira. Chimwalirireni amayi, ine ndinkangodya m'makomo mwa anthu achifundo.

"Tendeni, mwananga," anatero m'Chisena chawo, kutanthauza kuti tiyeni. "Lero ukhala kutsogolo. Ndikakuonetse dziko."

Ndinali ndisanakhalepo kutsogolo kwa lole. Ndinawaona akukweza kumbuyo sutikesi yakale ya amayi, koma mwana akasangalala safunsa mafunso. Ndinakwera, n'kukhala pa mpando wong'ambika wonunkha dizilo, miyendo yanga ili lendelende osafika pansi.

Masiku amenewo msewu wochoka ku Nsanje unali wafumbi ndi mabampu okhaokha. Lole inkalira ngati ikudandaula, zitseko zikugwedera, fumbi likulowera pansi pa mapazi athu. Tinkadutsa milambe ikuluikulu yopanda masamba, ng'ombe zoyera zikuwoloka msewu mosafulumira ngati msewuwo ndi wawo. Ababa, amene kunyumba sankalankhulalankhula, tsikulo pakamwa panamasuka. Mudzi uliwonse ankautchula dzina, phiri lililonse linali ndi nkhani yake. Pa Tengani anaima n'kundigulira masau, ndipo ndinkalavulira njere pawindo, ndikuyesa kulasa mitengo.

Titafika pa Bangula, ndinadziwa kuti msewu wabwino wopita ku Chikwawa ndi wolunjika, wodutsa m'minda ya nzimbe, chifukwa ababa ankaukamba kawirikawiri. Koma iwo anakhotera kumanja, kulowera ku Chiromo.

"Ababa, mwasochera?"

"Wosochera ndi amene ali pachangu," anayankha akumwetulira. "Ife tikuzungulira dambo."

Nthawi imeneyo mlatho wa ku Chiromo unkawolokeka, ndipo sitima ndi magalimoto zinkadutsa pamodzimodzi. Matabwa ankagunda pansi pa matayala, ine nditagwira mkono wa ababa, diso limodzi lotsinzina, linalo likusuzumira madzi. Anandilozera pamene Ruo amathira mu Shire, nandiuza kuti tsidya lina la Ruo ndi dziko lina, ngakhale anthu ake amalankhula ngati ife.

Titawoloka mlathowo, msewu unasanduka kanjira. Kumanja kunali mapiri a Thyolo, ataima ngati khoma lobiriwira, ndipo kumanzere dziko linkangotsika mpaka kukathera m'mabango ndi m'madzi onyezimira a dambo la Elephant Marsh. Timitsinje tambiri tinalibe milatho. Tinkangolowa mumchenga, lole ikubuula, n'kutulukira kutsidya. Dzuwa litafika pamutu, injini inatentha n'kuyamba kufuka nthunzi. Ababa sanakwiye. Anatsegula kutsogoloko kuti kupite mphepo, ndipo tinakhala pamthunzi wa bwemba tikudya mbatata yootcha imene mayi wina wa pamudzipo anatipatsa osatifunsa n'komwe kuti ndife yani. Mpaka lero ndikamva fungo la mbatata yootcha, ndimamvanso kulira kwa nyenje za masana amenewo.

Injini itazizira tinayenda pang'ono, kenaka ababa anasiya msewu n'kutsata kanjira ka ngolo kodutsa m'migwalangwa, mpaka tinafika padoko la asodzi. Panali utsi wa milamba yowamba, maukonde atayanikidwa pamitengo, ana akusambira pakati pa mabwato. Bambo wina wamtali, wa mano otalikirana, anathamangira ababa n'kuwakumbatira. Anali a Semba, mnzawo wa paubwana amene anasamukira kumeneko kutsata nsomba.

"Mwana wangayu sanaonepo m'kati mwa dambo," ababa anatero. "Tibwerekeni mwadiya wanu ndi mikono yanu."

Mwadiya ndi bwato m'Chisena. Tinakhala pansi m'bwatomo, a Semba ataima kumbuyo ndi mponda wautali, akukankha mwakachetechete. Tinalowa m'tinjira ta madzi topapatiza, mabango akutikhudza m'mapewa, kenaka mwadzidzidzi tinatulukira pathamanda lalikulu lodzaza maluwa a m'madzi otchedwa nyika, oyera ndi ofiirira, mpaka pamene maso amalekezera. Timbalame ta miyendo yaitali tinkayenda pamwamba pa masamba osamira. Akakowa anadzaza mtengo wouma ngati thonje losakolola. Nkhwazi inalira kumwamba, ndipo patali mvuu zinatulutsa makutu, zikupemerera madzi. Ine, mwana wobadwira m'mphepete mwa Shire, ndinkayesa kuti madzi ndimawadziwa, koma apa ndinangoti kukamwa yasaa. Kwa nthawi yoyamba chichokereni amayi, ndinaseka mokweza.

Kuseka kwangako n'kumene kunachititsa a Semba kulankhula.

"Kaseka ngati amake," anatero. "Ndiye n'kameneka mukukasiya kwa atsibweni ake?"

Ndinamva madzi akudontha kuchokera ku mponda. Ndinayang'ana ababa, iwo n'kuyang'ana m'manja mwawo. Pomwepo ndinazindikira chifukwa chimene sutikesi ija inakwezedwera.

Titafika kumtunda ndinatsika n'kuthamangira patsinde pa mgwalangwa, ndinaukumbatira n'kunena kuti sindikweranso lole. Ndinalira mpaka asodzi anasiya ntchito zawo. Ababa sanandikoke, sanandikalipire. Anabwera n'kukhala pansi pafumbi pambali panga, ndi buluku lawo labwino, nadikira mpaka misozi itachepa.

"Esinati," anatero, "ndikanakuuza m'mawa, koma ndinafuna uyambe waseka. Amako anali Mmang'anja, ndipo tinakwatirana pa mwambo wa kwawo. Kwawoko mwana ndi wa kuchikazi. Akuluakulu anakhala pansi, ndipo atsibweni ako a Lapukeni apempha kuti ukakule m'manja mwawo."

"Inu simukundifuna?"

Anatseka maso kanthawi. "Ndikanakhala kuti sindikukufuna, ndikanakukweza basi ndi munthu wina. Taona mmene ukukhalira. Ine kunjira, iwe m'makomo mwa eni. Atsibweni ako si adani. Akulira mlongo wawo monga ine ndikulirira mkazi wanga, ndipo chimene chatsala cha iye ndi iwe."

A Semba anabwera ndi mlamba wowamba wokulunga m'masamba, akupepesa ndi maso. Ababa anangoti, "Takhuta," kuwathokoza, ndipo ine ndinakwera lole ndekha.

Kuchoka pamenepo mpaka pa Thabwa ndinkangoyang'ana pawindo. Ababa anapitiriza kutchula maina a midzi, koma motsitsa mawu, ngati akudziuza okha. Tinawolokanso Shire, tinadutsa boma la Chikwawa, n'kutenga msewu wamiyala wolowera kumpoto, m'tchire la mitengo ya tsanya. Dzuwa litapendeka ndinayamba kumva mkokomo ngati wa mvula yakutali. Ababa anaimitsa lole, nandigwira dzanja, ndipo tinatsetsereka wapansi pakati pa matanthwe otentha.

Anali mathithi a Kapichira, nyumba ya magetsi isanamangidwe. Shire yemwe uja, amene kwathu ankayenda mwaulesi ngati nkhalamba, kuno ankadumpha pamiyala, woyera mbee, akubangula mpaka pansi kunjenjemera. Mawaza ozizira anandigwera kumaso kumene kunali kutauma ndi misozi ndi fumbi.

"Amako anakulira pano," ababa anakuwa kuti ndimve. "Mwala uwo ankayanikapo zovala. Ndinawapeza pomwepo tsiku limene ndinabwera kudzatunga madzi a lole. Anandiseka kuti ndikuopa ng'ona pamadzi othamanga, ndipo ndinabwereranso sabata yotsatira popanda katundu aliyense wodzatenga."

Ndinayang'ana mwalawo nthawi yaitali. Ndinali ndisanaganizepo kuti amayi anakhalapo mtsikana woseka alendo, kuti anali ndi kwawo kumene miyala inkawadziwa. Mantha aja sanathe, koma pambali pake panamera kachidwi kofuna kuona nyumba imene anabadwiramo.

Mudzi wa atsibweni unali pafupi. A Lapukeni anali munthu wamfupi, wa nkhope ya amayi yeniyeni. Ababa anavula chipewa, nakhala pamphasa, nawomba m'manja mwaulemu.

"Alamu, mwana wanu uyu ndabwera naye ndekha. Amakonda sukulu. Akalakwa mulangizeni ndi mawu, amamva."

Atsibweni anayankha: "Pakhomo pano ndi panu, alamu. Musadzadutse pamsewu osakhota."

Ndipo ababa sanadutsepo osakhota. Zaka zonse zimene ndinakula kwa atsibweni, ndinkati ndikamva lole ikubuula kuchitunda, ndinkataya mtsuko n'kuthamanga. Nthawi zina anali ena, nthawi zambiri anali iwo. Atsibweni anandilera bwino, anandiphunzitsa mpaka ndinakhala mphunzitsi. Ababa anamwalira ndili ndi mwana wanga woyamba, ndipo pamaliro awo a Lapukeni ndi amene analira kuposa abale awo enieni.

Pantchito yanga ndaona ana ambiri amene akuluakulu amawakanganirana, wina kukoka mkono uwu, wina uwo, aliyense akuthira mwanayo mawu oipa a mnzake. Ana otero amakula ndi mtima wogawanika, osadziwa kumene angakonde popanda kulakwira wina. Ndikawaona m'pamene ndimamvetsa zimene ababa anachita. Mlandu unawagwera, ndipo mtima wawo unkawawa kuposa wanga. Akanatha kundiuza kuti atsibweni andilanda, ine n'kulowa m'nyumba ya atsibweni ndi chidani chimene chikanandidya moyo wonse. M'malo mwake anameza ululu wawo, nandipereka ndi manja awiri, atandikonzera mtima kuti ndikathe kukonda kumene ndikupita. Ndili mwana ndinkaganiza kuti tsiku limenelo ababa anandisiya. Ndakula tsopano, ndipo ndikudziwa kuti palibe tsiku lina limene anandinyamula kuposa limenelo.