Funso Limene Palibe Anafunsa Mmisiri

Chivomezi chitagwetsa nyumba yosanja imene bambo wina, mmisiri womanga nyumba, anamanga, anthu asanu anafera momwemo. Akatswiri anabwera ndi nambala imodzi. Makina awo anaonetsa kuti nthaka sinagwedezeke mwamphamvu kwenikweni, ndiye anagamula kuti wolakwa ndi mmisiri.

Bambowo sanagwirenso njerwa. Akamadutsa mumsewu anthu ankalozerana ndi milomo, mpaka anangosiya kutuluka. Ngakhale kumaliro a anthu asanuwo sanapondeko.

Mwana wawo wamkazi, amene anzake ankamutcha Kafunsefunse, analephera mayeso chaka chomwecho. Anapeza ntchito yokolopa muofesi ya mainjiniya. Pakhoma panali mapepala a mizere yokhotakhota, zolemba za zivomezi. Ina inali yosongoka koma yaifupi, ina yofatsa koma yodzaza pepala lonse. Mtima sunamukhale pansi, ndipo anakafunsa bambo ake.

"Bambo, tsiku lija nthaka inagwedezeka nthawi yaitali bwanji?"

Bambowo anati, "Ndinanena pemphero lonse kawiri isanaleke. Palibe anandifunsapo zimenezo."

Kafunsefunse anabwereza mayeso, nalepheranso. Kachitatu anakhoza. Ku yunivesite anali wamkulu kuposa onse m'kalasi, ndipo ena ankamuseka kuti ndi azakhali awo. Iye ankangoti, "Azakhali anu akuwerenga, musawasokoneze."

Anayerekeza zolemba za zivomezi zoposa chikwi, chimodzichimodzi. Anapeza kuti mphamvu ya kugwedezeka ndi kutalika kwa nthawi yake siziyendera limodzi nthawi zonse. Ukadziwa chimodzi, chinacho sunachidziwe. Chivomezi chija chinali chofatsa koma chosatherapo, ndipo chinapindapinda zitsulo za nyumbayo ngati mmene timathyolera waya ndi manja.

Atapereka zimene anapezazo, akatswiri anamubweza kawiri. Ena mwa iwo ndi omwe anasaina pepala lakale logamula kuti bambo ake ndi olakwa, ndipo munthu savomera msanga kuti anaipitsa dzina la mnzake. Patapita zaka khumi ndi zinayi chigwereni nyumbayo, anavomera, namulembera kalata.

Kafunsefunse anakawawerengera bambo ake kalatayo ali chigonere, maso atayamba kuchita khungu.

"Ndiye sindinaphe anthu?"

"Munamanga motsatira malamulo, bambo. Malamulowo ndi amene sankaganizira za nthawi. Tsopano awasintha."

Bambowo analira ngati mwana. Kenako anadzuka movutikira.

"Ndipatse nsapato. Ndikapepese maliro aja."

Inu amene mukuwerenga, mwina anakuweruzani ndi nambala imodzi yokha. Musagwe mphwayi, ndipo funso lanu musalimeze. Lifunseni mpaka wina ayankhe.