Kaparafuzo ka thirakitala ya ku Etatara

Dzulo njinga yamoto ya mdzukulu wanga inkangozima akaima pakhomo. Fungo la gazolina litandilowa m'mphuno ndinati, "Iwe, makanika weniweni ndine, ndinayamba ndikadali ndi mamina." Anaseka. Zotsalazo sindinamuuze.

Nthawi ya nkhondo, bambo anga ankayendetsa thirakitala yakale ya Mzungu wa thonje ku Etatara. Polima inkabangula bwino. Koma asilikali a Chipwitikizi akabwera kudzaitenga kuti isamutsire anthu mokakamiza kumudzi wa boma wozingidwa ndi waya, inkangoti ikaima pang'ono, khosokhoso, zii. Bambo ankakanda mutu. "Yakalamba, senyoro."

Anzanga ankandiseka: "Bambo ako ndi makanika wa mbuzi!" Zinkandiwawa. Komatu ine ndinali nditawaona. Galimoto ya asilikali ikamveka patali, bambo ankapotoza kaparafuzo, kasikuluwu ka mkuwa ka pakabuleta, kamene kamayeza mafuta injini ikamalira pamalo amodzi. Ndinkati madala asokoneza kumanja ndi kumanzere.

Tsiku lina asilikali akumwa madzi pakhonde, ndinatenga mpeni wa amayi n'kukabwezera kaparafuzo kaja mwakachetechete. Bambo atapukusa chitsulo cholizira, injini inangoti ndu-ndu-ndu, osazima.

"Ndakonza ndine, bambo!" ndinafuula.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Wakonzadi, mwananga. Kauze amayi ako amange katundu."

Ulendo wa kumudzi wa waya uja, ndinakwera m'ngolo ya thirakitala pamwamba pa mphasa ndi nkhuku, ndikubayibitsa anzanga aja ngati bwana, amayi akulira, maso ali kunkhokwe zathu.

Mano anatha m'kamwamu, koma makanika woposa bambo anga sindinamuonebe. Iwo ankadziwa tsiku loti makina asalire.