Tsiku limene tinasinthanitsa ana pabedi

Mwana wanga woyamba atadwala chibayo anatigoneka m'wodi ya ana, bedi limodzi ana awiri. Mnzanga wa pabedipo anali mayi wachisilamu wa ku Nsanama, mwana wake malungo atamutha magazi, zikhato mbuu. Wake anagona mbali ya kuzenera, wanga mbali ya kunjira.

Dzuwa litakwera wanga anayamba kubanika, nthiti zikuchita kulowa. Mayiwo anati, "Achemwali, bweretsani wanu kuno apitidwe mphepo, wangayu akumva kuzizira." Tinasinthanitsa anawo, monga timasendererana pamkeka kwathu kwa Nsamala, osauza munthu. Kenako iwo anatuluka kukaswali.

Masana kunalowa nesi wina amene m'mawa kunalibe, atanyamula thumba la magazi. Anzake anali atamuuza kuti ndi la mwana wa kuzenera. Analikoloweka, n'kugwira dzanja la mwana wanga pomwe panali kale singano. Wolekezera Sitandade sikisi ngati ine, nditsutse anesi? Koma mawu a adokotala ndinali nditawamvetsera onse, anati jakisoni ndi mpweya, za magazi sanatchule.

"Anesi, pepani, wanga si wa magazi."

"Amayi, udokotala mwauyamba liti?"

"Iyayi, tasinthana malo. Wa magazi ndi uyo."

Anaima. Anatembenuza chikhato cha wanga, n'kutembenuza cha winayo, n'kundifunsa dzina la mwana. Anatsitsa thumba lija.

Atapita kukaitana asisitala, akulu a wodiyo, ndinayamba kumanga katundu, ndimati basi atithamangitsa, nanga mwana wobanika chonchi ndilowera naye kuti? Asisitala anakhala pabedi n'kumandifunsa zonse uku akulemba, tinasuntha nthawi yanji, chifukwa chiyani. Ndinalira, ndinati chonde musalembe.

Anati, "Si mlandu uwu amayi. Ngozi ngakhale yaphonya timaiwerengabe, kuti tidziwe pokonza. Mwachita bwino kuyankhula."

Dzuwa lisanalowe mwana aliyense m'wodimo anali ndi kapulasitala ka dzina pamkono.

Mnzanga uja pobwera koswali anapeza magazi akutsikira mwa mwana wake. Nditamufotokozera anakhala pansi pasimenti, anathokoza Mulungu m'Chiyao, kenako anati, "Ndiye chifundo changa chikanakupherani mwana?"

Ndinafuna kuyankha koma wanga anadzuka, akufunafuna bere, ndipo anayamwa mpaka thukuta pamphuno.